Mwana akuphimba diso limodzi powerenga, koma akuti maso ake ndi abwinobwino

MayiWaKuKoche
Moni nonse pagulu pano. Ndili ndi mwana wamkazi wa zaka 12, ali Sitandade 7. Chiyambire teremu yatha, akangotsegula buku sipapita nthawi, amayamba kutikita m'maso, kenako amaphimba diso lakumanzere ndi chikhatho n'kumawerenga ndi limodzi. Akuti zilembo zimayendayenda, nthawi zina mawu amodzi amaoneka awiri ogundana. Mutu umamupweteka pachipumi, makamaka akaweruka kusukulu. Loweruka akamasewera fulaye ndi anzake sadandaula chilichonse. Tinapita naye kokayezetsa, anawerenga zilembo za pakhoma zija mpaka mzere wapansi, diso lililonse palokha. Anatiuza kuti maso alibe vuto, n'kutipatsa mankhwala odonthezera. Bambo ake akuti ndi ulesi, akuthawa sukulu. Ine mtima ukukana, chifukwa mwanayu amalira akalephera kumaliza ntchito imene amupatsa. Alipo amene anakumanapo nazo zotere?

Mlonda_Boma
Ndi foni imeneyo mayi. Mulandeni mwezi umodzi muone.

MayiWaKuKoche
Alibe foni achimwene. Pakhomo pathu foni ndi imodzi, yangayi, ndipo ndimapita nayo kumsika.

Mphunzitsi_Namwera
Mayi, musalole kuti mwanayo apatsidwe dzina la ulesi. Ana otere ndimawaona m'kalasi, ndipo amadziwika ukawayang'anitsitsa. Powerenga amalondola mzere ndi chala ngakhale ali wamkulu, akachotsa chala amadumpha mzere kapena kubwereza womwe wawerenga kale. Ena amagoneka mutu pamkono polemba, iwe n'kumati akuwodzera, pamene akubisa diso limodzi kuti zilembo zikhale phee. Kukopera za pabolodi amamaliza pambuyo pa anzawo onse, chifukwa maso akachoka patali kubwera pakope amatenga nthawi kuti akhazikike. Koma mwana yemweyo ukamuwerengera nkhani mokweza n'kumufunsa mafunso, amayankha bwino kuposa ambiri. Pamenepo ndi pamene ine ndimakayikira maso. Mwana waulesi sasankha kuti pakamwa achangamuke, papepala pokha afooke.

Mlonda_Boma
Nanga si akuti adokotala ayeza kale? Ife tidziwe kuposa adokotala?

WoyezaMaso
Achimwene a Mlonda, amene anayeza aja sananame. Anayeza chinthu chimodzi, ndipo chinthucho chilidi bwino. Ine ntchito yanga ndi yomweyi yoyeza maso, ndiye ndiloleni nditambasule pang'ono.

Zilembo za pakhoma zija munthu amaziwerenga ali pa mtunda wa mamita 6, diso limodzi litaphimbidwa. Zimatiuza mphamvu ya diso lililonse palokha, poona patali. Sizitiuza ngati maso awiriwo akugwirizana. Diso lililonse limajambula chithunzi chake, ubongo ndi umene umalumikiza ziwirizo kukhala chimodzi. Kuti zitheke, maso onse ayenera kuloza pamalo amodzimodzi nthawi imodzi. Diso lililonse limayendetsedwa ndi minofu 6, onse pamodzi 12, ndipo minofuyi imalamulidwa ndi mitsempha itatu mbali iliyonse yochokera ku ubongo. Inu a kunyanja mukudziwa chilimira: mabwato okoka khoka akhoza kukhala olimba onse, koma limodzi likamatsalira, khoka silitsekeka bwino. Maso nawo ndi choncho.

Pamene diso lathawiratu kumbali, aliyense amaona. Chovuta ndi kusiyana kwakung'ono kobisika, kumene minofu imakhalira kukonza tsiku lonse munthu osadziwa. Minofu ikatopa ndi pamene pamabwera mutu, kulemera kwa maso, tulo powerenga, zilembo kusefukira kapena kuoneka ziwiri. Zimene mwafotokoza mayi zikufanana kwambiri ndi mtundu umene timautcha convergence insufficiency, pamene maso amalephera kutembenukira mkati mokwanira poyang'ana chapafupi. Patali mwana amaona bwinobwino, n'chifukwa chake pa fulaye savutika. Kuphimba diso kuja ndi njira imene wadzipezera yekha: diso likatsala limodzi, palibenso zithunzi ziwiri zolimbana.

Sindinganene motsimikiza ndisanamuone mwanayo. Kusaona bwino pafupi kofuna magalasi wamba kumabweretsanso mutu womwewo, ndipo ana amatha kubisa vutoli pa zilembo za pakhoma.

NamwinoWopuma
A WoyezaMaso mwafotokoza bwino, koma tisathamangire maso okhaokha. Kuno kwathu mwana wodandaula mutu ndi kutopa, choyamba tiganize za magazi. Likodzo lili ponseponse m'mbali mwa nyanja ndi mu Shire, ndipo limachepetsa magazi mwakachetechete. Malungo obwerezabwereza chimodzimodzi. Wina amapita kusukulu wosadya kanthu, pofika 10 koloko mutu wayamba. Mayi, mukamapitanso kuchipatala muwapemphe ayeze magazi ndi mkodzo.

WoyezaMaso
Zoona amayi, ndipo kuyeza magazi sikungalakwike. Koma kuchepa kwa magazi sikusiya munthu akaphimba diso limodzi. Chizindikiro chimenecho n'chimene chandikokera ku maso.

NamwinoWopuma
Pamenepo ndavomera. Akayeze zonse ziwiri.

Anganga_Malindi
Ife kale tinkangodontheza mkaka wa m'mawere, maso n'kuyera.

NamwinoWopuma
Anganga, ndi ulemu wonse, chonde m'diso musalowe mkaka, madzi a shuga, kapena timadzi ta masamba. Ndaonapo maso amene akanapulumuka atawonongeka ndi zimenezi. Ndiponso vuto likukambidwa panoli lili m'kayendedwe ka diso, chodontheza chilichonse sichifikako.

Kabaza_Mpondasi
Nkhaniyi yandikhudza. Ine chaka chatha ndinagwa ndi njinga yamoto, ndinamenyetsa mutu pansi, ndinakomoka pang'ono koma mabala anapola. Kuchokera pamenepo usiku ndikamawoloka pa mlatho wa Bakili Muluzi, galimoto ikamabwera kutsogolo ndimaona nyali zinayi, ziwiri pamwamba ziwiri pansi. Potsika masitepe ndimachita kugwira khoma chifukwa sindidziwa loti ndiponde ndi liti. Akazi anga akuti masiku ano ndimayenda mutu utapendekera kuphewa lakumanja, ine osadziwa. Ndikauwongola zinthu zimaoneka ziwiri kwambiri. Khosi limandiwawa madzulo aliwonse. Ndi zomwezi?

WoyezaMaso
Achimwene, zanuzi ndi za banja lomwelo koma mtundu wina. Zithunzi zikamasiyana china pamwamba china pansi, zikumakula poyang'ana pansi ngati pa masitepe, munthu n'kumapendeketsa mutu kuti zikumane, timaganizira umodzi mwa mitsempha yoyendetsa diso ija, umene timautcha wachinayi. Ndi wowonda kwambiri ndipo umayenda mtunda wautali mkati mwa chigaza, choncho suchedwa kuvulala munthu akamenyetsa mutu. Khosi likuwawa chifukwa cha kupendekera komweko. Pitani mukaonedwe, mukanene za ngoziyo poyambirira penipeni. Ena amathandizidwa ndi magalasi okhala ndi prism, amene amakhotetsa kuwala kuti zithunzi ziwirizo zigwirizane. Ena kusiyanako kukakhala kwakukulu ndi kokhazikika amachitidwa opaleshoni ya minofu ya diso. Koma ndikupempheni chinthu chimodzi cholemera: musanyamule anthu pamene mukuona ziwiriziwiri.

Kabaza_Mpondasi
Ndiye ana adya chiyani bwana? Njingayo ndi ya eni ake, madzulo aliwonse amafuna ndalama yawo.

Siginala_Makanjira
Ana adzadya chiyani mukadzalowa pansi pa lole? Pepani kulankhula mowawa achimwene, koma amene mwamunyamula kumbuyoyo nayenso ali ndi ana.

DadaWaMonkeyBay
Funso langa, munavala chisoti tsiku limenelo?

Kabaza_Mpondasi
Ayi, chinali pa handulo. Kutentha kwa mu Okutobala mukukudziwa.

DadaWaMonkeyBay
Ndi zimenezotu. Ndipo ife okwera ndiye sitipatsidwa n'komwe. Ukafunsa amakuyang'ana ngati wapempha chachilendo.

Siginala_Makanjira
Okweranso amakana okha, ati chimanunkha thukuta, ena ati chiwononga tsitsi. Msewu wokwera ku Namwera uja ndi makhotamakhota ake, munthu n'kumatsika mutu uli pamtunda.

MayiWaKuKoche
Abale, za zisoti ndi zofunika koma tibwerere kwa mwana wanga. A WoyezaMaso, pali chimene ndingaone ndekha kunyumba ndisanawononge ndalama ya thiransipoti?

WoyezaMaso
Chilipo mayi. Mukhale naye moyang'anizana pamalo owala, makamaka madzulo atatopa ndi sukulu. Tengani bolopeni, muyigwire patsogolo pa mphuno yake pa mtunda wa mkono, ayang'anitsitse kansonga kake. Muziyibweretsa pang'onopang'ono kumphuno, mumuuze anene pamene yaoneka ziwiri. Inu muziyang'ana maso ake. Onse awiri ayenera kumalowera mkati limodzi mpaka bolopeni itafika pafupi kwambiri, masentimita osapitirira 10 kuchokera pamphuno. Ikaoneka ziwiri idakali kutali, kapena mukaona diso limodzi lasiya kutsatira n'kubwerera kunja, chimenecho ndi chizindikiro. Mubwereze kangapo, chifukwa ena ulendo woyamba amakwanitsa, kenako amafooka.

China, ayang'ane chinthu chimodzi, inu muphimbe diso limodzi ndi kapepala kwa kanthawi, n'kuchotsa msanga. Mukaona diso linaphimbidwalo likudumpha kubwerera pamalo pake, ndiye kuti linathawa lili kuseri kwa pepala. Kudumpha pang'ono kumapezeka mwa anthu ambiri abwinobwino, choncho musachite mantha ndi chimenechi chokha.

Ndipo funso lofunika kwa aliyense woona ziwiriziwiri ndi ili: mukatseka diso limodzi, lililonse mwa awiriwo, zimatha? Zikatha, vuto ndi kusagwirizana kwa maso. Zikapitirira diso lili limodzi, vuto lili mkati mwa diso lomwelo, mwina ng'ala ikuyamba kapena pakufunika magalasi.

Telala_Mbaluku
Ine ndili ndi zaka 46. Kulowetsa ulusi pa singano ya makina kwasanduka nkhondo, ndimachita kuitana mwana. Manambala a pa tepi ndimawaona ndikatalikitsa mkono. Kodi ndi matenda omwewa?

NamwinoWopuma
Amenewo ndi a msinkhu bambo. Munthu akapitirira zaka 40, kagalasi ka mkati mwa diso kamayamba kuuma, sikathanso kusintha kuti kaone pafupi. Zinthu zimaoneka mwachimbuuzi, osati ziwiri, ndipo kutseka diso limodzi sikuthandiza. Magalasi owerengera amathetsa.

Telala_Mbaluku
Ndiye ndingogula a pamsika aja? Amayala pansi, umayesa mpaka upeze okuyenera.

DadaWaMonkeyBay
Amayi anga amagwiritsa ntchito omwewo ndipo amawerenga Baibulo bwinobwino.

WoyezaMaso
Kwa munthu wamkulu amene maso ake onse ndi ofanana mphamvu, amathandizadi, sindingatsutse. Kungoti amene wafika zaka zimenezo ndi bwino ayezedweko kamodzi, chifukwa pali matenda ngati glaucoma amene amadya diso osapweteka. Koma mwana musamugulire a pamsika. Magalasi olakwika akhoza kuwonjezera kusagwirizana kwa maso kumene tikukambaku.

Mwalimu_Katuli
Ndawerenga zonse ndipo ndaphunzirapo. Ku madrasa ndili ndi mnyamata amene kuloweza pomvera amaposa anzake, koma akayang'ana m'buku amasokoneza timadontho ndi tizizindikiro ta pamwamba ndi pansi pa zilembo. Pakapita kanthawi misozi imayamba kutuluka, amayandikitsa nkhope, kenako amatembenuza mutu n'kumayang'ana chammbali. Ndiwauza makolo ake apite naye.

Mphunzitsi_Namwera
Muwauzenso aphunzitsi ake a kusukulu a Mwalimu. Mwana wotere akamaloledwa kupumitsa maso poyang'ana patali pakapita mphindi zingapo, ndiponso kuika rula pansi pa mzere umene akuwerenga, amapepukidwa podikira chithandizo.

MwanaWaChimwala
Pepani kulowerera. Bambo anga ali ndi zaka 63, amamwa mankhwala a shuga ndi a BP. Dzulo m'mawa adzuka akuona anthu awiriawiri, lero chikope chakumanja chagwa, diso likuoneka ngati layang'ana kunja. Akuti mutu ukuwawa mbali yomweyo. Tinati tidikire Lolemba. Kodi tiwachititse za bolopenizo?

WoyezaMaso
Ayi, siyani za bolopeni. Pitani nawo kuchipatala cha boma LERO, musadikire Lolemba. Kuona ziwiri kobwera mwadzidzidzi mwa munthu wamkulu ndi nkhani ina kotheratu. Shuga ndi BP zimatha kutseka timitsempha ta magazi todyetsa mtsempha woyendetsa diso, ndipo mtundu umenewo nthawi zambiri umabwerera mwakale pakatha miyezi itatu kapena kuposerapo. Koma zizindikiro zomwezo, makamaka kugwa kwa chikope pamodzi ndi mutu, zimathanso kuchokera ku mtsempha wa magazi wotupa mkati mwa mutu kapena sitiroko. Kusiyanitsa kwake sikungachitike kunyumba. Muyang'ane kadontho kakuda ka pakati pa diso: ngati ka mbali yodwalayo kakula kuposa kanzake, mukawauze mukangofika. Chimodzimodzi ngati pakamwa papotoka, akulankhula movutikira, kapena mkono wafooka.

NamwinoWopuma
Mverani zimenezo mwanawe. Nyamukani.

MwanaWaChimwala
Zikomo, ndikufuna galimoto panopa.

MayiWaKhanda
Poti nkhani ndi ya maso, khanda langa la miyezi iwiri nthawi zina maso ake amasiyana koloza. Apongozi akuti ndi chifukwa chomuyang'anira kumutu akagona.

NamwinoWopuma
Kumuyang'anira kumutu sikupotoza diso mayi. Pa miyezi yoyambirira maso a khanda amatha kusochera mwa apo ndi apo, chifukwa akuphunzira kugwirizana. Pofika miyezi inayi ayenera kukhala atakhazikika. Zikapitirira, kapena ngati diso limodzi limakhala lothawa nthawi zonse, pitani naye. Ndipo mukadzaona choyera pakati pa diso, ngakhale pa chithunzi cha pafoni, musagone nacho, chifukwa ikhoza kukhala ng'ala yobadwa nayo kapena khansa ya m'diso ya ana.

WoyezaMaso
Ndiwonjezere apa, chifukwa ambiri amati akamakula liwongoka lokha. Mwana wamng'ono amene diso lake lathawa sadandaula zoona ziwiri. Ubongo wake umangosiya kumvera diso limenelo, ndipo limafooka ngakhale lilibe chilema. Kulidzutsa, pophimba diso lamphamvu maola ena pa tsiku ndi kuvala magalasi ngati akufunika, kumayenda bwino mwana asanafike zaka 7 kapena 8. Akapitirira pamenepo zimavuta kwambiri.

Achimwene265
Ine ndinaona pa YouTube akunena kuti chizungulire, nseru m'galimoto, mantha ukalowa pagulu ngati mumsika, zonsezo ndi maso, ndipo magalasi a prism amachiza tsiku lomwelo. Ine zonsezi ndili nazo. Amapezeka kuti?

WoyezaMaso
Pamenepo tiyende mosamala. N'zoona kuti maso osagwirizana amatha kubweretsa chizungulire ndi nseru, makamaka pamalo pamene zinthu zambiri zikuyenda. Koma zizindikiro zimenezo zili ndi magwero ambiri: khutu lamkati, mutu waching'alang'ala, kuchepa kwa magazi, BP, mankhwala ena, ngakhale nkhawa payokha. Ambiri olankhula pa intaneti aja akutsatsa malonda awo. Prism imathandiza munthu amene wayezedwa n'kupezeka kuti maso ake akusiyanadi, ndipo mphamvu yake imachita kuyezedwa. Chimene ndingakufunseni n'chakuti, kodi mavutowo amabwera mukagwiritsa ntchito maso, n'kuchepa mukawapumitsa kapena mukatseka limodzi?

Achimwene265
Kutseka diso sindinayesepo. Koma chizungulirecho chimabwera ngakhale ndikatembenuka pabedi mumdima.

NamwinoWopuma
Chimenecho chikuloza kukhutu kusiyana ndi kumaso. Kaonaneni ndi adokotala, mukafotokoze momwemo.

MayiWaKuKoche
Ndabweranso. Tayesa za bolopeni dzulo madzulo, bambo ake ali pomwepo. Idakali kutali kuposa kutalika kwa chikhatho changa, mwana anati zakhala ziwiri, ndipo tonse tinaona diso lakumanzere likubwerera kunja. Titabwereza zinayamba kusiyana kutali kuposa poyamba, misozi n'kuyamba. Tsopano tipite kuti, ndipo tikanene chiyani kuti asakangotibwezanso ndi mankhwala odonthezera?

WoyezaMaso
Yambirani ku chipinda cha maso pa chipatala chachikulu cha Mangochi. Musakangoti mwana akudwala maso. Mukanene kuti patali amaona bwino, koma powerenga amaona ziwiri, amaphimba diso limodzi, ndipo mwaona diso likuthawa poyang'ana pafupi. Mupemphe kuti amuyeze ngati akufunika magalasi, atamuthira mankhwala okulitsa kadontho ka diso, komanso aone kagwirizanidwe ka maso pafupi. Mankhwalawo amachititsa kuti aone mwachimbuuzi kwa tsiku limodzi kapena kuposerapo, choncho musasankhe nthawi ya mayeso. Ngati pakufunika zoposa pamenepo amatumiza ku Zomba Central kapena ku Lions Sight First Eye Hospital ku Queens, ku Blantyre. Mutenge buku limene amawerenga kusukulu.

Akapezeka kuti ndi vuto lomwe ndikuliganiziralo, chithandizo chachikulu ndi masewera olimbitsa maso. Ku America mu 2008 anachita kafukufuku pa ana a zaka 9 mpaka 17 kwa masabata 12. Mwa amene ankaphunzitsidwa ndi katswiri kuchipatala n'kumakapitiriza kunyumba, 73 pa 100 alionse anapeza bwino, pamene mwa ongochita kunyumba masewera oyang'ana pensulo ikubwera kumphuno anali 43 pa 100. Choncho za kunyumba zimathandiza ena, koma ndi bwino wina wodziwa azimuona mmene akuyendera.

Mphunzitsi_Namwera
Ndiye akachira ayamba kukhoza bwino m'kalasi?

WoyezaMaso
Chimene masewerawa amachotsa ndi mutu, kutopa ndi kuona ziwiri. Kuwerenga kwenikweniko adzafunikabe kuphunzitsidwa, makamaka ngati anatsalira. Kafukufuku wotsatira wa 2019 sanapeze kuti masewerawa paokha amakweza luso lomvetsa zowerenga. Mbali imeneyo ikhala yanu aphunzitsi.

Kabaza_Mpondasi
Ndalankhula ndi eni njinga, avomera kuti mng'ono wanga ayambe wayendetsa. Kodi ine ndikafunika kalata yochokera kuchipatala chaching'ono?

NamwinoWopuma
Yambirani pa chipatala chimene muli nacho pafupi akulembereni m'buku lanu la kuchipatala, zimafulumira kutsogoloko. Ngati buku limene analembamo za ngozi ija lilipo, mutenge lomwelo. Mutengenso zithunzi zanu zakale, za ngozi isanachitike, kuti akaone ngati mutuwo unkapendekera kale kapena unayamba pambuyo pake.

MwanaWaChimwala
Tinafika, bambo awagoneka. Shuga anapezeka wokwera kwambiri, ndipo akuti mawa atitumiza kukajambulitsa mutu. Akudandaula kuti akatukula chikopecho chizungulire chikuwagwira.

WoyezaMaso
Asachitukule, chisiyeni chigwe choncho pakadali pano, chikuwateteza ku zithunzi ziwirizo. Popita kubafa muziwagwira dzanja, chifukwa ndi diso limodzi mtunda wa pansi sauyeza bwino. Mankhwala onse amene amamwa kunyumba mupite nawo m'mapaketi ake, adokotala akawaone.